Nthaka Ikachira Mwini Wake Amabwera

"Ndiye mukuti waya uja wabwera kudzatani? Kudzayanikapo zovala zanga?"

Isidora adafunsa ali chowerama pa phale, akutembenuza ndi zala totiya, mkate wathu wopyapyala wa chimanga, amuna ake osawayang'ana n'komwe. A Teófilo adali chiimire pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja.

"Waya ndi waya, mayi. Mwina akompadre akufuna kukonza mpanda wa kumtsinje."

"Mpanda wa kumtsinje, waya waminga n'kudzatula kumunsi kwa munda wathu? Ndi nsanamira zomwe? Bambo a Dilcia, musandione kusaphunzira. Ndinanena ine. Ndinati munda onetsani osauka anzanu, mwini nthaka musamuyitane. Inu munati mkazi sadziwa za ulimi."

"Sindinatero."

"Munatero ndi maso."

Chomwe ankakanganirana chidachitika masabata awiri m'mbuyomo. Gulu lathu la alimi kuno ku Las Lajitas lili ndi mwambo wake: mlimi saphunzitsidwa ndi munthu wa nsapato zowala, amaphunzitsidwa ndi mlimi mnzake, ndipo sukulu yake ndi munda. Chaka chino munda woonetsa udali wa a Teófilo, ndipo kudabwera alimi ngakhale a mbali zina za Honduras kudzaona phiri losatenthedwa, lofunditsidwa mapesi ndi masamba a kalongonda ofika m'mawondo, lokhala ndi milambala ya miyala yotchinga madzi. Pa tsiku lotere mwini munda amakumba ndi fosholo n'kupatsa mlendo wolemekezeka dothi m'manja. A Teófilo, mwa alendo onse aja, adasankha kompadre wawo Don Gumersindo, mwini phiri lonselo. Adawaikira m'manja dothi lakuda bii, lozizira pakati pa chilimwe, nyongolotsi zili piringupiringu. Anthu adaomba m'manja. Isidora yekha ndiye adaona kuti mkuluyo dothilo sadalitaye. Adalifumbata, kulinunkhiza, n'kulithira m'thumba la malaya.

"Akompadre sangatichite zimenezo," adatero a Teófilo. "Munthu ananyamula Dilcia pa ubatizo, n'chifukwa chake timamutcha kompadre. Pamaso pa Mulungu ndi m'bale wathu ameneyo. Ndipo malo aja anatipatsa ndi pakamwa pawo, amvekere limani kompadre, pamenepo ngakhale mbuzi zimalambalala."

"Anatibwereka, sanatipatse. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Ndinakuuzani kangati kuti tilemberane nawo?"

"Kompadre sulemberana naye, Isidora. Kumeneko n'kumutukwana."

"Ndiye tidya ulemu chaka chino. Ndiuphika ndi mchere."

Mwana wawo Dilcia adalowa atasenza nkhuni. Mtsikanayu adali atangobwerera kumudzi chaka chatha kuchokera ku fakitale yosoka zovala ku San Pedro Sula, monga adachitira achinyamata ena angapo atamva kuti kwawo chimanga chayambanso kubereka popanda feteleza. Adaponya nkhunizo pansi, n'kuyang'ana mayi ake, kenako bambo ake.

"Ababa, Nectalí akuyeza ndi chingwe kumunda kuja. Wandiuza kuti tichotse makasu athu."

Nectalí ndi kapitawo wa Don Gumersindo. Totiya idapserera pa phale, palibe adaichotsa.

Lamulungu atatuluka ku Misa, a Teófilo ndi Isidora adanyamula nkhuku yathadzi, yonenepa kuposa zonse, ulendo wa kunyumba ya malata ofiira kudambo. Adawapeza Don Gumersindo ali gone m'machila pakhonde. Kunena zoona adawalandira bwino. Mipando idatuluka, khofi adabwera m'makapu a alendo. Anthu olemera kwathu kuno akafuna kukupha amayamba akuthirira shuga.

"Komadre, simukalamba inu," adatero mkuluyo. "Nanga mwana wanga Dilcia ali bwanji?"

"Ali bwino, kompadre. Akudandaula za waya."

"Aa, waya." Adapumira m'mwamba ngati wolandidwa ndi iwo. "Ng'ombe zanga mwaziona pobwera? Nthiti zokhazokha. Dambo lauma, msipu palibe. Phiri lonse lija malo a chinyezi ndi amodzi okha, ndipo munandionetsa ndinu nomwe. Zikadyeko kalongonda ujayu, mvula ikagwa ndifesepo udzu."

A Teófilo ankangotembenuza chipewa pa bondo. "Kompadre, pamene tinkayamba pamenepo Dilcia anali asanayambe sukulu. Mwala uliwonse wa m'milambala ija tinabereka kumsana, ine ndi komadre wanuyu. Zaka zoyamba anthu ankatiseka kuti tikulima nyemba zosadya. Gawo lanu la chimanga silinachedwepo ngakhale chaka cha chilala."

"Ndani wakana? Mukanakhala munthu wamba bwenzi ndangotuma Nectalí. Koma ndinu kompadre wanga, sindingakusiyeni padzuwa. Ndikupatsani El Pelón. Yense, kuyambira pamsewu mpaka pamwamba."

El Pelón, mwana aliyense kuno amalidziwa. Ndi phiri la dazi, la zigwembe zoti munthu n'kubisalamo choimirira.

"Pamene paja sipamera kanthu, kompadre."

"Pomwe mulipo pankamera kanthu? Manja anu ndi a sing'anga, kompadre Teófilo. Mulungu anakupatsani mphatso, musaikwirire. Ndamvanso kuti minda ya anzanu a gulu aja nayo yachira. Ndidzaiyendera sabata zikubwerazi, ndione zomwe nthaka yanga ikuchita."

Isidora adafuna kukalipa. Koma kwathu kuno kompadre sumukwezera mawu. Amati wokangana ndi kompadre wake ngakhale dothi la kumanda limamukana. Adafunsa motsitsa.

"Kompadre, mvula ili pafupi. Chaka chino tidya chiyani?"

"Komadre, khofi wanu akuzizira."

Nkhuku ija adailandira. Adatinso ndi yonona.

Lachitatu gulu lidakumana m'kanyumba kosungira mbewu, komwe tidamanga tokha pafupi ndi sukulu. Mudadzaza, ena ataima pawindo. A Teófilo adafotokoza zonse, ndipo atamaliza Dilcia adaimirira.

"Akuluakulu, mundikhululukire, ndine mwana. Koma si paja mumati mbewu ikalowa m'nthaka, munda ndi wa mbewu mpaka kukolola? Kuti ngakhale mwini phiri salowetsa ng'ombe pa mbewu ya mnzake?"

"Ndi zoona zimenezo," adavomera a Ovidio, mnansi wawo, amene adali woyamba kuphunzira za kalongonda kwa a Teófilo. "Chiyambire agogo athu."

"Ndiye tibzale mvula isanagwe. Pansi pa masamba aja pali chinyezi, mbewu siipsa. Mpanda wawo sunathe. Ife atatu zingatitengere sabata, koma tonse muno n'kumaliza dzuwa lisanapendeke. Tikakolola tidzaona zina, bola chaka chino tipulumuke."

Tili ndi mwambo wolimirana, lero kwanu mawa kwathu, timautcha dzanja lobweza, ndipo m'chipindamo mudalibe munthu amene a Teófilo sadamugwirireko ntchito. Anthu adavomera mokweza. Wina adati mutu umodzi susenza denga, wina adati Loweruka tambala akangolira. A Teófilo misozi idalengeza m'maso. Koma anthu akutuluka, Isidora adamva a Ovidio akuwakokera amuna ake pambali.

"Achimwene, munati Don adzayendera minda yathu? Anatero ndi pakamwa pawo?"

"Anatero. Anati amva kuti yachira."

"Yachira," adabwereza a Ovidio, maso ali pansi.

Panjira Isidora adawafunsa amuna ake ngati kudali kofunika kunena zimenezo. Iwo adati bodza saliphunzira atakalamba. A Teófilo ndi munthu woti ukamufunsa komwe wabisa nkhuku amakuperekeza.

Loweruka Isidora adaphika mphika waukulu wa nyemba, totiya dengu lodzaza, khofi m'ndowa. Adasenzera zonse kumunda. A Teófilo adatulutsa mbewu yonse ya chimanga chawo chachikasu, chomwe adakhala akusankha ngala ndi ngala zaka zonsezi, ndipo adasongola ndodo zobzalira zokwanira mudzi wathunthu, n'kuzitsamiritsa pa mlambala. Dzuwa lidatuluka. Kudabwera nkhalamba ziwiri za kutchalitchi, zomwe zilibe minda yobwereka. Dzuwa lidakwera. Ndodo zidali pomwepo.

"Akubwera," adatero a Teófilo. "Njira ya kutsidya ndi yaitali."

"Ababa," adatero Dilcia, "taonani kutsidyako."

Utsi. Osati pamodzi, koma apa, apo, ndi pamwamba paja, mizati yoyera ikukwera mumlengalenga mopanda mphepo. Mudzi wathu udali utatha zaka osaona utsi wa m'minda mwezi wa Epulo, mwakuti alendo ankatidziwa ndi zimenezo. Woyandikira kwambiri unkachokera m'munda wa a Ovidio.

Isidora adatsetsereka phiri, kuwoloka mtsinje wouma, n'kukawapeza a Ovidio ataima m'mphepete mwa moto, nthambi yaiwisi ili m'manja. Kalongonda wa zaka zambiri ankathetheka ngati udzu wa padenga. Ana awo aamuna ankagumula mlambala n'kumagubuduzira miyala kuchigwembe.

"A Ovidio, nyemba zanu zapsa kumunda kwathu. Ndabwera kudzakuitanani."

"Mayi a Dilcia, musandiyang'ane choncho."

"Ndikuyang'aneni bwanji? Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Inu mwayatsa zanu zomwe."

"Amatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, mayi. Munda uno ndi wa Don, monga wanu. Akabwera apeze lupsa, apeze miyala, aone nthaka yodwala, andisiye. Ndikolola theka la zomwe ndinakolola chaka chatha, ndikudziwa. Koma theka ndi chakudya. Inu munakolola zodzaza nkhokwe, lero muli kuti?"

"Amuna anga anakuphunzitsani ndi manja awo."

"Anandiphunzitsa, ndipo Mulungu awadalitse. Koma phunziro lalikulu atiphunzitsa sabata ino. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Adapukuta maso ndi mkono, kaya ndi utsi kaya ndi china. "Tikanabwera kwanu lero, Nectalí akanationa tonse, mmodzimmodzi. Mukawauze achimwene kuti ndinalira. Si bodza."

Isidora adafuna kuwatukwana, mawu ake adali okonzeka pa lilime. Chidamupweteka kwambiri n'chakuti sadapeze polakwika pa zomwe adanenazo. Adatembenuka n'kubwerera, ndipo nyongolotsi zothawa moto zinkafera pa njira.

Adabzala okha, asanu, kenako atatu nkhalamba zitatopa. A Teófilo patsogolo kuboola masamba ndi ndodo, Isidora ndi Dilcia pambuyo kuponya njere. Lamulungu sadapite ku Misa. Lolemba manja a Dilcia adatuluka matuza, n'kuphulika, iye n'kumanga nsanza. Isidora adapempha kuti asungeko kambewu pang'ono, koma a Teófilo adakana.

"Pakatsala pomwe sipanabzalidwe alowera pomwepo. Ilowe yonse."

Idalowa yonse. Ndipo madzulo aliwonse ankayang'ana kum'mawa, komwe mitambo inkasonkhana, kuda, kugunda pang'ono, n'kubalalika.

Lachinayi m'mawa adamva mabelu a ng'ombe. Nectalí adali pa hatchi, anyamata ake akukusa gulu lonse kukwera nalo phiri. Isidora adathamanga n'kukaima pa chipata cha mpanda watsopanowo, manja atatambasula.

"Nectalí, munda uno ndi wobzala."

"Mwadzuka bwanji, mayi. Wobzala chiyani?"

"Chimanga. Kuyambira pano mpaka pamwamba. Mwambo ukuudziwa, mayi ako ndi a mudzi uno."

Nectalí adayang'ana munda wonse mosafulumira, atatchinga dzuwa ndi dzanja. "Ine ndikuona masamba ouma. Mmera uli kuti? Mundionetse tsamba limodzi lobiriwira, ndibweza ng'ombezi."

"Tsika ufukule."

"Don anati ndikaona chomera ndisalowe. Za kufukula sananene. Ine ndi wantchito, mayi, nanenso ndili ndi ana."

Isidora adagwada, kukanda masamba ndi zala, n'kutulutsa njere yachikasu, yotupa, itangoyamba kung'aluka kumphuno. Adaikweza m'mwamba. Nectalí adayang'ana kumbali. Ng'ombe zidamva fungo la kalongonda, ndipo ng'ombe yanjala siidziwa chipata. Zidayamba kukankhana, nyanga zikugundana pamsana pa mayiyo. A Teófilo ndiwo adamugwira m'chiuno n'kumukokera pambali.

"Zikupha, Isidora. Zisiye. Ndipitanso kwa akompadre, ndikawafotokozere bwinobwino, mwina sakudziwa kuti tabzala."

"Mukatchulanso mawu amenewo," adatero Isidora, "mukatchulanso kompadre pamaso panga, ndikubwerera kwathu lero lomwe."

Adakhala pa mlambala atatuwo n'kumaonerera. Ng'ombe zidadya zofunda za nthaka, ziboda zikufukula mizere, ndipo mbalame zakuda zidatsika m'mbuyo mwake kutola njere. Pofika masana, miyala yomwe adabereka kumsana idayamba kugumuka. Isidora adalira, osabisa, kulira kwa pamaliro. Sadalire chimanga chokha. Adalira msana wake, ndi zaka zomwe ankadya totiya ndi mchere akudikira kuti phiri lichire.

Mvula idagwa patangopita masiku ochepa, yambiri, yokoma, yoti ikadabwera msanga mmera ukadaoneka. Dilcia sadaidikire. Adakwera basi ya ku San Pedro Sula, chikwama chomwe adabwera nacho chili pamiyendo, ndipo achinyamata ena awiri adakwera naye. Adati akapeza malo pa makina azitumiza kangachepe. Mbewu yobzala ku El Pelón idachokera kwa a Ovidio, amene adatuma mkazi wawo kudzaisiya pakhomo, iwo osaonekera.

A Teófilo ndi Isidora adakwera El Pelón m'mawa kukuwaza. Dothi lake lidali lofiira, lolimba, ndodo inkachita kudumpha. A Teófilo adabzala mizere ingapo, kenako Isidora adaona kuti aima. Ankayang'ana kachigwembe kakang'ono, komwe madzi ofiira adayamba kuyenderera. Adaika ndodo pansi, kutola mwala waukulu, kuunyamula pamimba, n'kukauika mopingasa m'kachigwembemo. Adatola wachiwiri. Manja ankangochita okha, monga amachitira munthu podzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Bambo a Dilcia, mukutani?"

"Dothi likupita, mayi. Tikatchinga pano ndi paja, chaka chamawa tifese kalongonda kumtunda. Si loipa kwenikweni phirili. Lingotenga nthawi."

"Zaka zingati?"

"Khumi. Mwina kuposerapo pang'ono."

"Ndiye zikatha zimenezo, mudzakhala ndi zaka zingati inu? Nanga ine? Adzatipatsa phiri liti lina, ndipo miyala yake adzabereka ndani?"

Mvula idayamba kulimba. Kumbuyo kwa miyala iwiri ija madzi adali ataima kale, ndipo kadothi kosalala kadayamba kukhazikika, kooneka bwino, koti mlimi aliyense n'kumwetulira.

"Chotsani," adatero Isidora. Mawu ake sadali aukali. "Ndatopa, amuna anga. Ndikufuna munda woti ndidzafere pomwepo. Dothi likakhala, ife tichoka. Lisiyeni lipite."

A Teófilo adaima nthawi yaitali, madzi akutsika m'mphepete mwa chipewa. Kenako adawerama ngati munthu wokalamba kwambiri, kuzula mwala woyamba, n'kuukankhira kumunsi. Wachiwiri adaukankha ndi phazi. Madzi adatsegukira, kunyamula kadothi konse kaja, n'kutsika nako kumsewu.

Isidora adatola ndodo n'kuwapatsa m'manja.

"Bzalani," adatero. "Uno satilanda."